Kodi tchuthi chimodzi chingamuonetse wophunzira maitanidwe ake?

Ku America makoleji ambiri amatseka mu Meyi n'kudzatsegulanso kumapeto kwa Ogasiti. Miyezi itatu imeneyi, yomwe kumeneko ndi nyengo yotentha pomwe kwathu kuno tikuotha moto, ophunzira ochenjera saiona ngati yopumula. Amene diso lake lili pa mabanki a ku New York kapena makampani a zamakompyuta a ku California amasakasaka malo a internship, ntchito yophunzirira ija ophunzira athu amaitcha atachimenti, podziwa kuti kampani imene yamuona akugwira ntchito masabata angapo ndiyo ingadzamulembe akalandira digiri. Mipingo ndi mabungwe achipembedzo nawonso ali pamsika womwewo, koma malonda awo ndi ena. Salonjeza malipiro onona. Amati wachinyamata akawapatsa tchuthi chimodzi, adzabwerera kukoleji akudziwa bwinoko chimene Mulungu akumuitanira kuchita ndi moyo wake. Lonjezo limeneli ndi lalikulu, ndipo munthu woganiza ayenera kulikayikira kaye. Ine ndikuona kuti muli choonadi m'menemo, ngakhale kuti choonadicho chikusiyana ndi chimene timapepala toitanira ophunzira timakonda kunena. Ntchito ya tchuthi chotere ndi kumuyesa munthu, kumusenzetsa udindo weniweni pamaso pa anthu amene angamuuze mosabisa mmene wausenzera. Pomwe zimenezi zilipo, masabata ochepa amabala zipatso. Pomwe palibe, umangokhala ulendo wokaona dziko, kapena ntchito yaulere imene aipaka dzina la utumiki.

Dzina limodzi likuphimba zinthu zosiyana kwambiri, choncho tione kaye mmene ntchitozi zimakhalira. Mu 1998 atsogoleri a mpingo wa United Methodist mumzinda wa Dallas ku Texas adayambitsa bungwe la Project Transformation. Adaona mavuto atatu amene ankaoneka ngati osakhudzana: matchalitchi akale a m'madera osauka omwe Akhristu ake ambiri adasamuka n'kusiya nyumba zikuluzikulu zili gwa mkati mwa sabata, ana a m'madera omwewo amene pa tchuthi chachitali amabwerera m'mbuyo pa kuwerenga, ndi achinyamata a m'makoleji amene mpingo unkawataya. Nzeru idali yowakumanitsa onsewo pamalo amodzi. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi ophunzira a kukoleji amayendetsa sukulu ya masana m'tchalitchimo: kulandira ana m'mawa, kuwagawira chakudya, kuonetsetsa kuti mwana aliyense wakhala pansi ndi munthu wamkulu n'kuwerenga naye buku, kuleretsa ndewu, kudikira pakhomo ndi mwana amene kholo lake lachedwa. Madzulo amabwerera kumene onse amagona, n'kudyera limodzi chakudya chimene mipingo yozungulira imabweretsa mosinthana. Lachisanu ana sabwera. Tsikulo ophunzirawo amakacheza ndi anthu amene moyo wawo wonse uli pa utumiki wa mtundu uwu kapena uwo, kusukulu ya ubusa ndi kumabungwe othandiza ovutika, kuti aone ndi maso njira zimene munthu angatsate.

Yunivesite ya Chikatolika ya Notre Dame ku Indiana idayamba kutumiza ophunzira ake m'ntchito zotere mu 1980. Wophunzira ankakhala masabata 8 m'nyumba yosungira anthu osowa pokhala, m'chipatala chaulere kapena pakati pa anthu aulumali, ndipo pambuyo pake zimenezi zidayamba kuwerengedwa ngati phunziro la zaumulungu lokhala ndi mabuku ake, zolemba ndi malikisi. A mpingo wa Mennonite ali ndi Ministry Inquiry Program, momwe wophunzira amakhala masabata 11 pambali pa m'busa, kulalikira, kuzonda odwala ndi kukhala nawo pa misonkhano ya akulu ampingo ija imatenga usiku wonse pa nkhani ya denga lodontha. Palinso bungwe lachilendo pang'ono, A Christian Ministry in the National Parks, limene lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi Warren Ost, wophunzira zaubusa amene pa tchuthi ankanyamula zikwama za alendo pa hotela ya Old Faithful Inn ku Yellowstone. Mpaka lero ophunzira ake amalembedwa ntchito wamba m'mahotela ndi m'malesitilanti a m'malo osungira zachilengedwe, kutsuka mbale ndi kuyala mabedi sabata yonse, Lamulungu n'kumatsogolera mapemphero panja kwa aliyense wofuna. Si Akhristu okha ayi. Ayuda a Reform adakhazikitsa pulogalamu ya Machon Kaplan ku Washington, ndipo bungwe la Muslim Public Affairs Council limapezera ophunzira achisilamu malo m'maofesi a boma ndi a aphungu mumzinda womwewo.

Chifukwa chimene mipingo imakhulupirira njira imeneyi chili m'mbiri yake. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, woitanidwa adali wansembe, m'monke kapena sisitere, ndipo ena onse ankaonedwa ngati ongogwira ntchito kuti adye. Martin Luther adagwetsa mpanda umenewu mu 1520 pophunzitsa kuti wosoka nsapato, wosula zitsulo ndi mlimi nawonso ali pa udindo wopatsidwa ndi Mulungu, ndipo amatumikira mnansi ndi ntchito ya manja awo. Koma m'masiku a Luther mwana wa wosula zitsulo sankasankha kwenikweni, ankangolowa m'chipala cha bambo ake. Wophunzira wa ku America wa lero watengera chiphunzitso cha Luther pamodzi ndi ufulu umene Luther sadaulote, wosankha pakati pa maphunziro ankhaninkhani, uku ngongole ya fizi ikumudikira pakhomo tsiku lomaliza sukulu. Malangizo amene amamva kawirikawiri ndi akuti afunse mtima wake chimene umakonda kwambiri. Tsoka lake n'lakuti mtima wa munthu wa zaka 20 ulibe zambiri zoyankhira. Sangadziwe ngati angapirire fungo la m'wodi kapena phokoso la ana odzaza chipinda asanalowemo. Herminia Ibarra, yemwe adafufuza akuluakulu osintha ntchito pakati pa moyo n'kulemba buku la Working Identity mu 2003, adapeza kuti anthu amazindikira chimene ali poyesa kuchita zinthu, ndipo kusinkhasinkha kumabwera pambuyo kudzamasulira zimene zachitikazo.

Nzeru imeneyi Ignatius wa ku Loyola adali nayo kale m'zaka za m'ma 1500. M'malamulo a chipani cha Ajezuiti, chimene Papa adachivomereza mu 1540, adaika kuti wofuna kulowa asangofunsidwa ngati akumva kuitanidwa. Ankayenera kudutsa m'mayeso angapo: mwezi wathunthu wa m'bindikiro, mwezi wina akutumikira odwala m'chipatala, mwezi wina pa ulendo wapansi wopanda ndalama m'thumba akupempha chakudya m'makomo, kenako ntchito zonyozeka za pakhomo ndi kuphunzitsa ana katekisimu. Zipatala za nthawiyo zidali zodzaza ndi amphawi amene adalibe wowasamala, motero mwezi umenewo sudali wamasewera. Koma mfundo imene ikutikhudza kwambiri ndi yaing'ono yomwe anthu saikumbukira: pobwerako mnyamatayo ankayenera kubweretsa umboni wochokera kwa woyang'anira chipatalacho wonena za khalidwe lake kumeneko. Ignatius sadadalire lipoti la mwiniwake lokha. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonseyi. M'Baibulo momwe, mwana Samueli adamva mawu usiku koma adathamangira kwa Eli katatu, ndipo amene adazindikira mwini mawuwo adali nkhalamba ya maso ofooka ija. Mipingo ya Chipresibateriya, kuphatikizapo CCAP, imasunga mwambo womwewo, woti munthu anganene kuti waitanidwa koma bwalo la akulu ampingo ndi presbitale ziyenera kumuyesa ndi kumuvomereza. Internship yabwino ndi kachidutswa ka mwambo umenewu kopatsidwa kwa wachinyamata amene mwina adzakhala namwino, loya kapena wowerengera ndalama.

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha tchuthi chimene chidakhota moyo wa munthu sichidachokere m'pulogalamu ya mpingo n'komwe. Mu 1944 Martin Luther King Jr., ali ndi zaka 15 ndipo atangolandiridwa ku Morehouse College ku Atlanta, adapita ndi anyamata anzake kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Simsbury, ku Connecticut, kuti apeze fizi. Mlimi wa ku Kasungu safunika kumuuza mmene ntchito imeneyi imawawitsira msana. M'makalata amene adalembera makolo ake, omwe adasungidwa n'kusindikizidwa, mnyamatayu akusimba modabwa kuti adapemphera m'tchalitchi chimodzi ndi azungu, kuti adadya m'lesitilanti yapamwamba ku Hartford popanda womuthamangitsa, komanso kuti ndiye ankatsogolera mapemphero a Lamulungu kwa anyamata oposa 100. Pobwerera, sitima itafika ku Washington, adayenera kusamukira m'bogi ya anthu akuda okhaokha, ndipo kuwawa kwake sikudamuchoke. Adapitanso kufodyako mu 1947, ndipo chaka chimenecho ndi chimene adauza makolo ake kuti adzakhala m'busa. Anzake ankamuseka kuti wamuitana ndi dzuwa la m'munda. Mu 1948, pofunsira malo ku Crozer Theological Seminary, adalemba kuti chikoka cha utumiki adayamba kuchimva mu 1944 muja. Iye mwini adafotokozapo kuti sadaone masomphenya kapena chozizwitsa, chidangokhala chikakamizo cha mumtima chokula pang'onopang'ono. Tionenso kuti atachoka kumundako adabwerera m'manja mwa Benjamin Mays, mkulu wa kolejiyo, ndi George Kelsey, mphunzitsi wake wa zachipembedzo, amene adamuonetsa kuti m'busa angakhale munthu wa nzeru zakuya. Tchuthi chidayatsa moto, koma osonkhezera adalipo kwa zaka zinayi.

Nkhani ya munthu mmodzi, ngakhale akhale King, si umboni wokwanira. Umboni wochulukirapo udabwera ndi ndalama za Lilly Endowment, thumba la ku Indianapolis lochokera ku chuma cha banja la kampani ya mankhwala ya Eli Lilly. Kuyambira mu 1999 thumbali lidapereka madola oposa 200 miliyoni ku makoleji 88 olumikizana ndi mipingo kuti athandize ophunzira kulingalira za maitanidwe kudzera m'maphunziro, m'mibindikiro, mwa alangizi ndi m'ntchito za pa tchuthi. Tim Clydesdale, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu ku The College of New Jersey, adaphunzira makoleji 26 mwa amenewa n'kutsatira ophunzira ena atamaliza sukulu. M'buku lake la 2015, The Purposeful Graduate, akuti amene adadutsa m'mapulogalamuwa adatuluka ndi zolinga zapamwamba koma mapazi ali pansi, ankapirira bwino akakumana ndi zokhoma za chaka choyamba kunja kwa koleji, ndipo ankakhutira ndi moyo wawo kuposa anzawo amene sadadutsemo. Ntchitoyi idapitirira kudzera mu mgwirizano wa makoleji wa NetVUE umene udakhazikitsidwa mu 2009. Kafukufuku wina wosakhudzana ndi chipembedzo, wa Gallup ndi yunivesite ya Purdue mu 2014, adafunsa anthu pafupifupi 30,000 amene adamaliza maphunziro a kukoleji. Adapeza kuti amene adali ndi mlangizi wowalimbikitsa, komanso amene adagwirapo ntchito yowalola kugwiritsa ntchito zimene ankaphunzira m'kalasi, ndiwo kawirikawiri ankaika mtima pa ntchito zawo patsogolo pake. Pa zinthu 6 zotere zimene Gallup idawerenga, anthu 3 okha pa 100 alionse ndiwo adati adazipeza zonse.

Wotsutsa woyamba ali ndi mfundo yolemera. Wophunzira amene amakana malipiro a kampani n'kusankha kukagona m'nyumba ya osowa pokhala adali kale wosiyana ndi anzake asanapite. Adali kale wa mtima wofunsa mafunso, mwinanso wochokera m'banja lopemphera. Tikamupeza patapita zaka ali wokhazikika, tidziwa bwanji kuti ndi tchuthi chija chidamupanga chonchi? Ndiponso ndalama za Lilly zidalipira zinthu zambiri nthawi imodzi, kotero n'kovuta kupatula gawo la internship payokha. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ikutikakamiza kuchepetsa chimene tikunena. Tchuthi sichilenga mtima wotumikira mwa munthu amene alibe. Chimene chimachita n'kuupatsa mtimawo nkhope ndi adiresi. Wophunzira amapita akunena kuti akufuna kuthandiza anthu, mawu amene satanthauza kanthu chifukwa aliyense amawanena. Akamabwerako amakhala atadziwa ngati chimene chimamukoka ndi mwana amene ali patsogolo pake akuvutika kutchula mawu, kapena ndi lamulo la nyumba za lendi limene lasamutsa banja la mwanayo katatu m'chaka chimodzi. Woyambayo mwina adzakhala mphunzitsi, wachiwiriyo loya kapena wa ndale. Wina amazindikira kuti amatha kukhala chete pambali pa munthu amene akumwalira osathawa, luso limene palibe mayeso a m'kalasi angalivumbule. Kuchoka pa chifundo cha chisawawa kufika pa ntchito yokhala ndi dzina si chinthu chochepa.

Wina angafunse kuti nanga chipembedzo chikuwonjezapo chiyani, pakuti internship ya ku banki nayo imasenzetsa udindo ndipo bwana wa kumeneko sachedwa kumuuza munthu zoona. N'zoona, koma funso limene banki ikuyankha ndi limodzi basi, lakuti kodi mnyamatayu akutiyenera ife. Ilibe chifukwa chomufunsa ngati ntchitoyo ndi yoyenera kuiperekera zaka 40 za moyo wake, kapena kuti ikupindulira yani. Chipembedzo chili ndi chiyankhulo cha mafunso amenewo, ndipo chili ndi miyambo yowapatsa nthawi. Ajezuiti amaphunzitsa kubwereza tsiku lonse m'maganizo madzulo, kufunsa pamene mtima udapeza moyo ndi pamene udauma. Ena ali ndi gome la chakudya cha madzulo pomwe aliyense amasimba za tsiku lake, ena tsiku la Sabata loti ntchito iime. Sharon Daloz Parks, m'buku lake la 2000 la Big Questions, Worthy Dreams, adatsindika kuti achinyamata a msinkhu umenewu amafunika gulu lonse lowalera maganizo, chifukwa mlangizi mmodzi sakwanira kulimbana ndi phokoso la dziko lowazungulira. Chinanso n'chakuti m'nyumba ya chikhulupiriro kulephera kuli ndi malo ake. Wophunzira wa pa banki amabisa zolakwa zake kuopa kutaya mwayi, pomwe wa pa mpingo, ngati zinthu zili m'malo mwake, angathe kunena poyera kuti lero adamukalipira mwana mopyola muyeso, n'kumva mmene ena adadutsira momwemo. Munthu amadziwa zambiri za iye mwini pa tsiku limene walephera kusiyana ndi tsiku limene amuwombera m'manja.

Komatu mipingo nayo ili ndi njala yakeyake, ndipo tisadzinamize kuti imachita zonsezi mosayang'ana phindu. Kafukufuku wa Lewis Center for Church Leadership adasonyeza kuti abusa odzozedwa a United Methodist osakwana zaka 35 adatsika kuchoka pa 15 pa 100 alionse mu 1985 kufika pochepera 5 mu 2005. Mipingo ina yakale ya ku America idaona zofananazo, ndipo chimodzi mwa zolinga za Lilly chidali kupeza m'badwo watsopano wa abusa. Mabungwe olalikira m'makoleji nawo amapeza antchito awo ambiri pakati pa ophunzira amene adapita nawo ku ntchito za pa tchuthi. Palibe cholakwa kuti mpingo ufune abusa. Cholakwa chimayamba pamene funso lili ndi yankho limodzi lokha lovomerezeka, pamene wophunzira wa zaumisiri amamvetsedwa kuti akabwerera ku zitsulo zake ndiye kuti wasankha chachiwiri, ngati kuti Luther sadalankhulepo. Muyeso wanga wa pulogalamu yoona ndi uwu: kodi imamuyamikira wophunzira amene patatha masabata 11 pambali pa m'busa wanena kuti ubusa si wake? Ameneyo wapulumutsa zaka zitatu za kusukulu ya ubusa, ngongole yake, ndi mpingo wina umene ukadalandira m'busa wosafuna ntchito yake. Pulogalamu imene imawerenga okhawo amene alowa utumiki wa mpingo ngati chipambano chake ikulemba anthu ntchito, ingosiya kunena kuti ikuwathandiza kuzindikira.

Chotsutsa cholemera koposa chikuchokera kwa anthu amene akutumikiridwawo. Mu 1968 wansembe Ivan Illich adauza ophunzira a ku America amene ankapita kukathandiza midzi ya ku Mexico kuti angachite bwino kupita kukaphunzira, chifukwa munthu wosadziwa chiyankhulo ndi moyo wa eni mudzi amaononga ngakhale ali ndi mtima wabwino. Maulendo oterewa sadaleke. Robert Wuthnow wa ku Princeton adawerengera m'buku lake la 2009 kuti Akhristu a ku America pafupifupi 1.6 miliyoni ankapita kunja chaka chilichonse pa maulendo aafupi a utumiki. Kurt Ver Beek, yemwe adali mphunzitsi wa ku Calvin College ndipo wakhala zaka zambiri ku Honduras, adatsatira magulu amene adakamanga nyumba kumeneko namondwe wa Mitch atasakaza dzikolo mu 1998. Alendowo adanena kuti ulendowo udasintha miyoyo yawo, koma atayang'ana mabuku a zopereka adapeza kuti kapatsidwe kawo sikadasinthe kwenikweni, ndipo ndalama zimene zidapita pa ulendo wa gulu limodzi zikadamanga nyumba zambiri zikadaperekedwa kwa amisiri a komweko. Nkhaniyi ife tikuidziwa, chifukwa Juni ndi Julaye ndi miyezi imene magulu a achinyamata ovala malaya ofanana amatsika pa Kamuzu International Airport ndi pa Chileka kupita kumalo osungira ana amasiye. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo mwana amene wazolowera kunyamulidwa ndi munthu watsopano chaka chilichonse n'kusiyidwa ndi amene amalipira mtengo wa maitanidwe a mnzake.

Zimenezi sizikugwetsa mlandu wonse, koma zikusiyanitsa mapulogalamu. Ulendo wa masiku 10 wodzaza ndi zithunzi za pa Instagram si chinthu chimodzi ndi masabata 8 pansi pa ulamuliro wa anthu a pamalopo amene adalipo mlendo asanabwere ndipo adzakhalapo atachoka. Ku Dallas kuja tchalitchi ndi chomwecho chaka ndi chaka, ana amabweranso, ndipo kuwerenga kwawo kumayesedwa poyamba ndi pomaliza, kotero pali njira yodziwira ngati ntchitoyo yathandiza wina kupatula wophunzirayo. Ndiponso phunziro la Ver Beek likugwirizana ndi la King: kutengeka mtima kwa pa ulendo kumazilala ngati palibe amene akukupitiriza munthu akabwerera kwawo. N'chifukwa chake Notre Dame idamangirira ntchito ya pa tchuthi ku zolemba ndi makambirano a temu yotsatira. Wophunzira amene amuuza kuti akupita kukapulumutsa anthu amabwerako ndi zithunzi. Amene amuuza kuti akupita kukamvera namwino wa pa kiliniki, amene akudziwa ntchitoyo kuposa iye, amabwerako atadziwa malire a mphamvu zake, ndipo kudziwa kumeneko ndi chiyambi cha maitanidwe oona.

Pali nkhani ya ndalama imene mipingo simakonda kuikamba. Malamulo a ntchito a ku America amalola mabungwe osapanga phindu kugwiritsa ntchito anthu ongodzipereka, ndipo mabungwe ena olalikira amauza wophunzira kuti adzipezere yekha ndalama za ulendo polembera makalata abale ndi anzake a kumpingo. Mwana wa dokotala wa m'dera la anthu olemera amazipeza msanga. Mwana wa mayi wotsuka m'maofesi, amene tchuthi ndiyo nthawi yake yokhayo yosonkhanitsa fizi, sayesa n'komwe. Samuel Perry, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, adafufuza njira yodzisonkhanitsira ndalama imeneyi m'mabungwe a Chievanjeliko n'kupeza kuti imapondereza antchito akuda ndi ochokera ku Latin America poyerekeza ndi azungu. Zotsatira zake n'zakuti mwayi wofunsa za maitanidwe umagwera amene ali kale ndi mwayi wina wonse. Mapulogalamu amene aganizapo bwino amalipira. A Mennonite amapereka ndalama yochotsera pa fizi yosonkhedwa ndi koleji ndi mipingo, ku Notre Dame magulu a ophunzira akale ankathandiza kulipira, ndipo m'malo osungira zachilengedwe muja wophunzira amalandira malipiro a ntchito yake ya m'khitchini. Tisaiwale kuti King adapita ku Simsbury chifukwa kudali ndalama.

Mawu akuti maitanidwe nawo ali ndi mbali yake yoluma. Mu 2009 Stuart Bunderson ndi Jeffery Thompson adasindikiza kafukufuku wa anthu osamalira nyama m'malo oonetsera nyama ku America, ntchito ya malipiro ochepa imene ambiri oigwira ali ndi madigiri. Amene ankamva kuti adabadwira ntchitoyi ankaipeza yatanthauzo kwambiri, koma ndi omwewonso amene adali okonzeka kutaya malipiro, nthawi ndi mpumulo wawo, motero osavuta kuwadyera masuku pamutu. Aliyense amene adaonapo mphunzitsi wa sukulu ya mishoni akuuzidwa kuti apirire chifukwa mphoto yake ili kumwamba akudziwa mmene mawu oyera angasandukire chingwe. Akatswiri a zamaganizo Bryan Dik ndi Ryan Duffy adasiyanitsanso kumva maitanidwe ndi kukhala ndi mpata wowatsata, ndipo kafukufuku wawo akusonyeza kuti ubwino wake umaoneka makamaka mwa amene apeza mpatawo. Wophunzira amene wapeza chimene mtima wake ukufuna koma ngongole ikumukokera kwina angathe kukhala wosweka mtima kuposa mnzake amene sadafunsepo. Mlangizi woona ayenera kukhala naye pansi n'kuwerengera limodzi malipiro a ntchitoyo, ngongole ndi lendi, n'kumuuzanso kuti maitanidwe a munthu sathera pa ntchito yolipidwa, pakuti ambiri amawatsata m'banja, mumpingo ndi m'mudzi uku akudya za ntchito ina.

Inu abusa, oyang'anira zipatala za mishoni ndi akulu a malo osamalira ana amene mumalandira makalata ochokera ku America opempha malo a ophunzira a pa tchuthi, muli ndi mphamvu imene woyang'anira chipatala wa m'masiku a Ignatius adali nayo, ndipo musaigonjetse chifukwa cha ulemu wa kwa alendo kapena chiyembekezo cha thandizo. Funsani kuti wophunzirayo adzakhala masabata angati ndipo adzamvera yani. Mupatseni ntchito imene inuyo mukuifuna, ngakhale ikhale yolemba mayina m'kaundula kapena yotsuka mabotolo, osati imene ikuoneka bwino pa chithunzi, ndipo musamulole kuchita chimene kwawo sangaloledwe kuchita popanda satifiketi. Akamachoka, lembani lipoti loona la mmene wachitira, mulitumize kukoleji yake.